Shuga wotsekeredwa m'phesi: mmene mabakiteriya amagumulira makoma a zomera

Mwezi wa Juni ukamatha, timinda ta m'madambo a kuno ku Harare timakhala titatsala mapesi okhaokha. Ku Mabvuku, ku Tafara, ku Dzivarasekwa, m'mbali mwa Mukuvisi, kulikonse kumene anthu akwathu amalimako kachigawo ka chimanga, nkhani yake ndi imodzi: chimanga chalowa m'matumba, mapesi atsala m'munda, ndipo Ogasiti asanathe wina awakoleza moto. Chimene chimapsa pamenepo, mbali yaikulu ndi shuga. Phesi louma mukaliika pasikelo, kuposa theka la kulemera kwake ndi timashuga tolumikizana m'maunyolo ataliatali, ndipo wochuluka mwa timashugato ndi glucose, yemweyo amene thupi limatenga mu nsima.

Nanga bwanji munthu sangakhute phesi? Nkhani yagona pa mfundo, pamene shuga mmodzi wagwirana ndi mnzake. Mu sitachi wa mu ufa, ma glucose amagwirana m'njira imene asayansi amaitcha alpha, ndipo unyolo wake umapindika n'kusiya mipata yolowera madzi. Mu cellulose, amene ndiye thupi lenileni la phesi, udzu, thonje ndi pepala, mfundo yake ndi ya beta: glucose aliyense amakhala chozondoka kwa woyandikana naye. Unyolo wotere umawongoka, umatha kukhala wa ma glucose masauzande, ndipo maunyolo angapo amagona mothinana n'kumatirirana mpaka kupanga kaulusi kolimba kamene ngakhale madzi salowamo. M'malovu mwathu muli enzyme yotchedwa amylase imene imamasula mfundo za alpha, n'chifukwa chake chimanga chowiritsa chimayamba kutsekemera mukachitafuna nthawi yaitali. Koma amylase saidziwa mfundo ya beta. Thonje mungalitafune tsiku lonse, likhalabe thonje.

Ng'ombe nayo, ngakhale imanenepa ndi msipu, payokha ilibe enzyme yomasulira mfundo imeneyi. Mbuzi ilibe, kalulu alibe. Amawagwirira ntchitoyo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'mimba mwawo, makamaka mabakiteriya. M'nthaka namo mabakiteriya amagawana ntchito yomweyo ndi nkhungu komanso bowa.

Khoma la maselo a chomera limene akuligumulalo si chinthu chimodzi ayi. Amene anaonapo nyumba yakumudzi yomata amvetsa msanga: pamakhala nsichi, pamakhala luzi lomangira nsichizo, kenako dothi lomata m'mipata. Nsichi ndiye cellulose. Luzi ndi gulu la maunyolo ena otchedwa hemicellulose, amene mu chimanga, mapira ndi udzu wochuluka wake ndi xylan. Dothi ndi pectin, chinthu chonanda chimene chimamatanso selo ndi selo linzake, ndipo chimachuluka mu zipatso, mbatata ndi masamba anthete. Chomera chikamakhwima chimathira chinthu chachinayi, lignin, ngati munthu amene wapaka simenti pamwamba pa zonsezo. Lignin si shuga konse, ndipo mfundo zake zilibe dongosolo lobwerezabwereza loti enzyme n'kulizolowera. Kusiyana kwa msipu wa Disembala ndi udzu wouma wa Seputembala, mbali yaikulu ndi lignin ameneyu.

Mfundo iliyonse ndi enzyme yake

Enzyme ndi puloteni imene imafulumizitsa kusintha kwa zinthu, iyo osatha nawo. Mfundo ya beta mutaisiya m'madzi oyera payokha ingatenge zaka mamiliyoni kuti iduke, koma enzyme yoyenera imadula mfundo zambiri sekondi isanathe. Imatero chifukwa ili ndi kamng'alu kamene unyolo wa shuga umagonamo ndendende, ndipo mkati mwa kamng'aluko muli ma amino acid (tizidutswa timene timapanga puloteni) awiri, kawirikawiri glutamate kapena aspartate, oyang'anizana pamene mfundo ifikire. Wina amafooketsa mfundoyo, winayo amathandiza madzi kulowa pakati n'kuidula. Daniel Koshland anafotokoza kadulidwe kameneka mu 1953, ndipo mpaka lero zimene ananena zikugwirabe.

Kamng'alu kokwana ndendende kali ndi vuto lake. Shuga akasintha, kapena mfundo ikapendekera mbali ina, kapena pakhala kanthambi pafupi, enzyme ija yagwa nayo. Ndipo khoma la chomera lili ndi mitundu ya mfundo yambirimbiri. Bakiteriya wofuna kudya khoma lonse ayenera kukhala ndi ma enzyme makumi, ena mazana.

Kale asayansi ankawatchula potengera chimene amadya: yodula cellulose ndi cellulase, yodula xylan ndi xylanase, basi. Koma atayamba kuwerenga ndondomeko ya ma amino acid a puloteni iliyonse, mayinawo anayamba kusokoneza. Ma cellulase awiri ankapezeka kuti alibe chibale n'komwe, wina wopindidwa mwamtundu wina, wina mwamtundu wina, pamene cellulase ina inkafanana kwambiri ndi enzyme yodya chinthu chinanso. Mu 1991 Bernard Henrissat wa ku France anatenga ma enzyme odula shuga pafupifupi 300 n'kuwagawa m'mabanja 35 potengera kufanana kwa ndondomeko imeneyi. Ntchitoyo inakula n'kukhala nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa CAZy, imene inayamba mu 1998 ndipo amaisamalira ku Marseille. Lero mabanja a ma enzyme odula ndi madzi, amene amalembedwa GH kenako nambala, apitirira 180. Pambali pawo pali mabanja a PL, amene amadula popanda kulowetsa madzi. A CE, amene amasadza tinthu tomamatira m'mbali mwa unyolo. A AA, amene amagwiritsa ntchito okosijeni. Ndi a CBM, amene sadula kanthu koma amagwira.

Nambala ya banja imakuuzani zinthu ziwiri zodalirika: kapindidwe ka puloteniyo ndi kadulidwe kake. Za chimene imadya, imangokupatsani poyambira. Banja la GH5 lokha lili ndi ma cellulase, ma mannanase, ma xylanase ndi ena, moti mu 2012 ofufuza analigawanso m'timabanja 51. Ine ndikaona nkhani yoti apeza bakiteriya wa ma enzyme mazana awiri, sindifulumira kuomba m'manja. Kuwerenga ma gene, malangizo opangira puloteni iliyonse, mu DNA n'kosavuta masiku ano. Kuonetsa kuti enzyme yakutiyakuti imaduladi mfundo yakutiyakuti kumafuna munthu woti akhale mu labu miyezi. Chitsanzo chake ndi ichi: mu 2011 gulu lina ku America linaika udzu m'timatumba m'mimba mwa ng'ombe, n'kuwerenga DNA ya tizilombo tonse timene tinamatirira pa udzuwo. Anapeza ma gene 27,755 ooneka ngati a ma enzyme a shuga. Amene anatha kuwayesa anali osakwana 100.

Tiyambe ndi cellulose, poti ndiye wovuta. Kumugumula kumafuna magulu atatu ogwirizana. Oyamba, ambiri a m'mabanja a GH5 ndi GH9, ali ndi mng'alu wotseguka, ndipo amatera paliponse pamene kaulusi kamasukako pang'ono n'kudula unyolo pakati. Shuga amene amatulutsa ndi wochepa, phindu lawo ndi loti asiya nsonga zatsopano. Achiwiri, a GH48 ndi GH6, mng'alu wawo ndi wotsekeka pamwamba, unyolo umadutsa mkati. Amagwira nsonga, amaisolola pa kaulusi, n'kumayenda nayo osaitaya, akudula ma glucose awiriawiri. A GH48 amayambira nsonga ina, a GH6 nsonga inayo. Timagawo ta awiriawiri timeneti, totchedwa cellobiose, tikachuluka timatseka ma enzyme omwe atitulutsawo. Apa m'pamene gulu lachitatu, la GH1 ndi GH3, limalowa n'kupatula awiriwo kukhala glucose mmodzimmodzi. Mukachotsa gulu limodzi mwa atatuwa ntchito yonse imayenda pang'onopang'ono kapena kuima kumene, ndipo onse pamodzi amatulutsa shuga woposa amene mungapeze mutaphatikiza ntchito ya aliyense payekha.

Ambiri mwa ma enzyme amenewa amayenda ndi ka CBM kumchira, kolumikizidwa ndi kachingwe kofewa. Ka CBM kali ndi nkhope yosalala imene imamatirira pa cellulose, ndiye enzyme siyandama m'madzi kutali ndi chakudya. Mukakadula, enzyme imadyabe timaunyolo tosungunuka bwinobwino, koma pa thonje imafooka kwambiri. Apa m'pamene pagona nkhani yonseyi, mmene ine ndimaionera: kudula mfundo si vuto kwenikweni, vuto ndi kuifikira.

Elwyn Reese, wofufuza wa asilikali a America amene ankalimbana ndi nkhungu yodya matenti ndi mayunifomu a thonje, anaganiza kale mu 1950 kuti payenera kukhala china chake choyamba kumasula kaulusi kolimbako ma enzyme odula asanafike. Panapita zaka 60. Mu 2010 ofufuza a ku Norway, Gustav Vaaje-Kolstad ndi Vincent Eijsink ndi anzawo, anaonetsa kuti kapuloteni kena ka bakiteriya wotchedwa Serratia marcescens, kamene anthu ankakayesa kongogwira, kamaduladi unyolo wa chitin, chinthu cholimba chofanana ndi cellulose, koma m'njira ina. Ma enzyme amenewa, amene tsopano amatchedwa LPMO, alibe mng'alu. Nkhope yawo ndi yafulati, pakati pake pali atomu imodzi ya kopa. Amagona pamwamba pa kaulusi kolimba, pamene ena onse amalephera, n'kugwiritsa ntchito okosijeni kapena hydrogen peroxide kuthyola unyolo pomwepo osausolola. A mabakiteriya ali m'banja la AA10, ndipo amapezeka kwambiri mwa a m'nthaka monga Streptomyces, amene amatulutsanso fungo lija la nthaka mvula yoyamba ikagwa.

Xylan ndi wofewerapo koma ali ndi nthambi. Msana wake ndi unyolo wa shuga wotchedwa xylose, ndipo m'mbali mwake mwapachikika arabinose, glucuronic acid ndi timagulu ta acetyl. Odula msana, a GH10 ndi GH11, amafuna malo oyera oti agonepo, ndiye ena ayenera kuyamba asadza: a GH43 ndi GH51 amachotsa arabinose, a GH67 ndi GH115 amachotsa glucuronic acid, a CE amachotsa acetyl. M'zomera za mtundu wa udzu mulinso ferulic acid, amene mbali ina wagwira arabinose, mbali ina wagwira lignin. Ameneyu ndiye amamangirira shuga ku lignin, ndipo womumasula ali m'banja la CE1. Xylan wa m'madeya a chimanga ndi mmodzi mwa anthambi zothinana kuposa ena onse odziwika.

Kumwaza, kumanga pamodzi, kapena kumezera mkati

Bakiteriya alibe kamwa, ndipo phesi silingalowe m'thupi mwake. Ayenera kutulutsa ma enzyme kunja, zimene zimamudyera mphamvu zambiri, kenako n'kupeza shugayo anzake asanamulande. Mitundu yosiyana inathana ndi vutoli mosiyana.

A m'nthaka ndi a m'dzenje la kompositi, kumene kuli mpweya, monga Cellulomonas, Thermobifida ndi Streptomyces, amangomwaza ma enzyme awo aliyense payekha ndi ka CBM kake. Kupuma okosijeni kumawapatsa mphamvu zochuluka pa glucose aliyense, ndiye zotayika sazidandaula kwenikweni. Kutentha kumene mumamva mukapisa dzanja mu mulu wa manyowa ndi mphamvu yomweyo ikutuluka, ndipo kutembenuza mulu n'kuwapatsa mpweya.

Kumene kulibe mpweya, glucose mmodzi amapereka mphamvu yochepa kwambiri, kotero kuwononga sikungatheke. Mu 1983 Raphael Lamed ndi Edward Bayer a ku Israel ankafuna kudziwa chifukwa chake Clostridium thermocellum amakakamira pa cellulose osachoka. Anapeza chimpuloteni chachitali chozikika pa khungu la bakiteriyayo, chokhala ndi malo 9 olumikizirapo ma enzyme komanso CBM yake yamphamvu. Enzyme iliyonse ili ndi kachigawo kotchedwa dockerin kamene kamalowa pa malo otchedwa cohesin, ndipo malo alionse angalandire enzyme iliyonse: lero cellulase, mawa xylanase, malinga ndi chimene bakiteriya wapeza. Chinthu chonsechi anachitcha cellulosome. Ubwino wake ndi woonekeratu. Wodula pakati akangodula, wogwira nsonga ali pomwepo. Wosadza nthambi akangosadza, wodula msana ali pomwepo. Ndipo shuga amatulukira pakhomo penipeni pa mwini wake.

Njira yachitatu ndi ya gulu la Bacteroides ndi Prevotella. Iwo ali ndi makungu awiri. Pa khungu lakunja amaikapo puloteni yogwira unyolo ndi enzyme imodzi kapena ziwiri zoudula m'zibenthu zikuluzikulu. Zibenthuzo amazikokera m'kampata ka pakati pa makungu awiriwo, n'kukazimalizira mmenemo, kumene mnzawo sangafike. Ma gene onse ofunika pa chakudya chamtundu umodzi amakhala moyandikana mu DNA, ndipo amadzuka pokhapokha chakudyacho chafika.

M'chifu chachikulu cha ng'ombe, chija chokhala ndi timanyerenyere mkati chimene timagula pa butchala, njira zotsiriza ziwirizi zimakumana. Mu ng'ombe yaikulu chimalowa malita oposa 100, chimatentha madigiri 39, mulibe mpweya, ndipo mililita imodzi ya madzi ake imakhala ndi mabakiteriya mabiliyoni 10 kapena kuposa. Robert Hungate ndiye anapeza njira yowaweta mu labu osawapha ndi mpweya, cha m'ma 1940. Akuluakulu pa cellulose ndi atatu: Ruminococcus flavefaciens, wa cellulosome yanthambinthambi, Ruminococcus albus, ndi Fibrobacter succinogenes, amene amadya cellulose mwaliwiro koma alibe cellulosome, alibenso GH48, amangokakamira pa udzu n'kumatulutsa timatumba todzaza ma enzyme. Prevotella ndi Butyrivibrio amatola xylan ndi pectin. Shuga yense amene watuluka ng'ombe simulawa. Mabakiteriya amamudya okha n'kutaya ma asidi atatu, acetate, propionate ndi butyrate, ndipo zotayazo n'zimene zimapatsa ng'ombe pafupifupi magawo 70 pa 100 a mphamvu zake. Mabakiteriyawo akakokoloka kupita m'matumbo, ng'ombe imawagaya, ndiye puloteni yake imeneyo.

Woweta akamvetsa zimenezi, zambiri za m'khola zimamveka zokha. Ng'ombe imabzikula maola ambiri chifukwa kunja kwa tsamba kuli kaphula kamene bakiteriya sangaboole. Amalowera pamene pathyoka. N'chifukwa chake mapesi odulidwa tizidutswa amapindula kuposa aatali. Mabakiteriya odya cellulose amafooka asidi akachuluka, pH ikatsika pansi pa 6, ndiye ng'ombe yothyola nkhokwe n'kudya chimanga chambiri nthawi imodzi imadwala, nthawi zina kufa kumene. Amafunanso nayitrojeni kuti apange ma enzyme awo, amene ndi mapuloteni. Udzu wa chilimwe puloteni yake imatsika kwambiri, ndipo ikakhala pansi pa magawo 7 pa 100, mabakiteriya amachepa mphamvu, udzu umakhalitsa m'chifu, ng'ombe imaoneka yokhuta koma ikuwonda. Mibulu yonyambita ya mchere ndi urea imene alimi amagula nyengo yozizira, kwenikweni imadyetsa mabakiteriyawo.

Palinso njira imene alangizi amaphunzitsa: makilogalamu 4 kapena 5 a urea osungunula m'madzi, kuwaza pa makilogalamu 100 a mapesi odula, kupondaponda m'dzenje n'kuphimba ndi pulasitiki kwa milungu 3 kapena kuposa kukamazizira. Urea amasanduka ammonia, ndipo ammonia amamasula mfundo zija za ferulic acid zomangirira shuga ku lignin. Palibe chakudya chatsopano chimene chalowa kupatula nayitrojeni, mwangotsegula njira. Koma urea wosasungunuka bwino amapha ng'ombe, choncho muyezo wake si wongoganizira.

Thumba la mbatatesi pa Mbare

Pectin ndiye wosavuta kufikira, ndipo mabakiteriya omudya safuna kudikira kuti chomera chife. Amene anagulitsapo pa Mbare Musika nthawi ya dzinja akulidziwa thumba lija lokhala ndi kachigamba konyowa pansi. Mukalitsegula, kafungo kakuuzani kale. Mbatatesi imodzi imaoneka yabwino, khungu lili lonse, koma chala chikangokanikiza chimalowa, mkati mwasanduka phala loyererako. Mudzamva mayi wachikulire akuuza mnyamata womuthandiza: "Iwe mwana wanga, khuthula thumba lonselo. Zonyowazo uike pazokha, zinazo uziyanike, usazibwezeremo." Mnyamatayo amayankha kuti, "Koma amayi, yowola ndi imodzi yokha," ndipo mayiwo samutsutsa, amangomuloza pansi pa thumba.

Olakwa ndi Pectobacterium ndi Dickeya, amene kale onse ankatchedwa Erwinia. Ofufuza a ku University of Zimbabwe pamodzi ndi anzawo a ku Pretoria anawapeza onse awiri mu mbatatesi za kuno. Zida zawo zazikulu ndi ma pectate lyase a m'mabanja a PL1 ndi PL9, ma polygalacturonase a GH28, ndi enzyme ya CE8 imene imayamba yachotsa timagulu ta methyl pa pectin kuti enawo apeze podula. Cellulose samulimbana naye kwenikweni. Amangosungunula chomata cha pakati pa maselo, maselowo n'kulekana, n'kuphulika, madzi ake n'kukhala chakudya. Phala lija limayera chifukwa sitachi akadali momwemo.

Chochititsa chidwi n'chakuti mabakiteriyawa amatha kukhala pa khungu la mbatatesi miyezi osachita kanthu. Chomera chimamva tizidutswa ta pectin wake ngati chenjezo n'kuyamba kudziteteza, ndiye bakiteriya woyamba kudula ali yekha amangodziulula. Aliyense amatulutsa kamankhwala kakang'ono, ndipo kakachuluka mozungulira, onse amadziwa kuti akwana n'kutulutsa ma enzyme nthawi imodzi. Izi zinadziwika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Chimawachulukitsa ndi bala la khasu, kutentha, ndi madzi okuta khungu, amene amatseka mpweya n'kufooketsa chitetezo cha mbatatesi. Kutsuka mbatatesi kuti ziwale n'kuziika m'pulasitiki zisanaume n'kuwaitana. Mankhwala ochiza yowola kale palibe. Kashiamu wokwanira m'munda amathandizako, chifukwa amagwirizanitsa maunyolo a pectin awiriawiri n'kuwalimbitsa.

Kukhitchini timachita zomwezo ndi manja athu. Chidulo kapena soda zimafewetsa nkhwani chifukwa pectin akatenthedwa m'madzi otere amaduka m'njira yofanana ndi imene ma lyase amagwiritsa ntchito. Asidi amachita zosiyana, ndipo amayi amene amakaniza kuthira matimati mu nyemba zisanapse akunena zoona.

Kuwola komweku kwinaku n'kofunika. Anthu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota akamanyika chinangwa chowawa m'madzi masiku angapo kuti apange kondowole, ma enzyme odya pectin, ena a mabakiteriya monga Clostridium, ndiwo amachifewetsa. Mu chinangwa chamoyo, linamarin, amene amabala poizoni wa cyanide, amakhala mkati mwa selo, pamene enzyme yomuphwanya imakhala m'khoma. Makoma akagumuka ziwirizi zimakumana, cyanide amatuluka n'kupita ndi madzi komanso mpweya poyanika. Kuvuula chinangwa chisanafewe n'kusiya poizoni momwemo.

M'matumbo mwathu

Thupi la munthu limapanga ma enzyme ogaya shuga wa m'zakudya osakwana 20, ndipo onse ndi a sitachi, shuga wa nzimbe, wa mkaka ndi zina zochepa. Khoma la chomera lonse, la covo, rape, bonongwe, khungu la nyemba, madeya a mu mgaiwa, limadutsa osakhudzidwa mpaka m'thumbo lalikulu. Kumeneko bakiteriya mmodzi yekha, Bacteroides thetaiotaomicron, ali ndi ma enzyme a GH oposa 250. Mu 2017 ofufuza a ku Newcastle anaonetsa mmene amagumulira mtundu wina wa pectin wotchedwa RG-II, umene uli ndi mashuga 13 osiyana ndi mfundo za mitundu 21. Amamasula 20 mwa izo, ndipo pofufuza zimenezo anatulukira mabanja atsopano a ma enzyme amene sankadziwika. Mbale wake, Bacteroides ovatus, ali ndi magulu awiri a ma gene a xylan, ndipo lalikululo ndi lothana ndi xylan wovuta uja wa chimanga. Zotaya zawo ndi ma asidi omwe aja a m'chifu cha ng'ombe, ndipo butyrate ndiye chakudya chachikulu cha maselo a thumbo lathu. Mpweya wa pambuyo pa nyemba umachokera ku ntchito yomweyi.

Amene amakhala m'matumbo amatsata chimene mwini wake amadya. Kafukufuku wa mu 2010 anayerekeza ana a m'mudzi wina ku Burkina Faso, odya mapira, mawere, nyemba ndi masamba, ndi ana a ku Florence ku Italy. A ku Burkina Faso anali ndi Prevotella wambiri, wodya xylan, amene mwa ana a ku Italy sanaoneke. Mu 2024 gulu la ku Israel linalengeza mitundu itatu ya Ruminococcus ya m'matumbo mwa anthu yokhala ndi ma cellulosome, yofala mwa anthu akumudzi ndi osaka nyama, koma yosowa m'mayiko olemera. Sindikunena kuti ufa woyera ndi poizoni. Koma pokonola ndi kupeta, chimene timataya ndi chakudya cha mabakiteriya amenewa, ndipo banja la m'tauni lodya buledi woyera m'mawa, mpunga masana ndi sadza ya ufa wosefa kwambiri madzulo limawasiya ndi tindiwo tamasamba ta pambali pa mbale tokha.

Makampani anayamba kale kubwereka ma enzyme amenewa. Cellulase ya Bacillus inalowa mu sopo wa ufa ku Japan mu 1987. Majinzi ooneka otuwa amene timasankha pa Mupedzanhamo ambiri anatuwitsidwa ndi cellulase, osati miyala. M'zakudya zambiri za nkhuku zogula m'sitolo amathiramo xylanase. Loto lalikulu linali mafuta a galimoto ochokera ku zinyalala za m'munda. Ethanol wa ku Chisumbanje ndi ku Triangle, ngakhalenso wa ku Dwangwa, amachokera ku madzi a nzimbe kapena molasses, shuga wosatsekeredwa. Makoko a nzimbe amangowotcha kuti apeze nthunzi ndi magetsi. Ku Iowa, ku America, anamanga mafakitale awiri akuluakulu opanga ethanol kuchokera ku mapesi, ina inatsegulidwa mu 2014, ina mu 2015. Pofika 2020 onse anali atasiya. Ma enzyme ankagwira ntchito. Chinawagonjetsa ndi mtengo wotuta mapesi opepuka kuchokera kutali, dothi ndi miyala zobwera nawo, komanso kuphika koyamba ndi nthunzi ndi asidi kuti lignin apatuke, kumene kumadya ndalama n'kutulutsanso timankhwala tofooketsa yisiti. Lignin amamatiranso ma enzyme okwera mtengowo n'kuwagwira osagwira ntchito. Ku Brazil kampani ya Raízen ikupitirizabe, ndipo chimene chimaithandiza n'chakuti makoko a nzimbe amakhala ali kale pa fakitale, ophwanyidwa kale ndi makina ofinyira.